Dzimbiri Limene Linadya Ntchembere

Ana anga, Tadala ndi Yamikani,

Mwakhala mukundiseka kuti tikamadutsa kuseri kwa chipatala cha mishoni ndimayenda pang'onopang'ono ngati ndikudutsa pamanda. Simunama. Pansi pa mtengo wa nimu uja pali chigoba cha galimoto chimene nkhuku za alonda zimaikiramo mazira, ndipo chigoba chimenecho ndi chimene chinakulerani inu. Popeza tsopano ndapuma pantchito, ndati ndikulembereni mbiri yake, imenenso ndi mbiri yanga. Kuyambira ndili kusekondale ndinkalemba m'makope chilichonse chondichitikira, koma makope aja anapita ndi madzi osefukira, choncho ndikulemba zimene zinatsala m'mutu. Za ubwana wanga ndazidumpha. Mukazifuna mukafunse amalume anu, amene amazikumbukira ndi zoonjezera zomwe.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Sindinkafuna kukhala dalaivala. Ndinkafuna unamwino. Kusekondale ndinali ndi mnzanga wapamtima, Filomena, mwana wa msodzi wa ku Chiromo. Tinkakhala desiki imodzi, kudyera mbale imodzi, ndipo tinalonjezana kuti tonse tidzavala zoyera. Ine ndi amene ndinkamulongosolera mmene magazi amayendera m'thupi, ndikujambula mtima pamchenga ndi kamtengo, iye akuwodzera. Mayeso a Fomu 4 tinakhoza tonse. Koma kusukulu ya anamwino anaitana iye, ine ayi. Ndinadikira chaka chimenecho, ndinadikiranso chinacho, ndikudziuza kuti dzina langa langochedwa panjira. Amalume anga, amene ankayendetsa lole yonyamula thonje, atatopa kundiona ndikungoyang'ana kumsewu anati, "Udzakalamba ukudikira iwe. Kwera apa, ugwire chiwongolero." Ndi mmene ndinaphunzirira.

Patapita zaka, chipatala cha mishoni cha kufupi ndi kwa Tengani chinkafuna dalaivala. Tinabwera ambiri, mkazi ndinali ndekha. Bambo mfumu okalamba anaimika migolo iwiri pabwalo, natiuza kuti tilowe chammbuyo pakati pake. Ine ndinalowa ngati ndikulowetsa ulusi pabowo la singano, ndipo ntchito inakhala yanga.

Tsiku loyamba, ndikudikira pakhonde kuti andipatse makiyi, ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Rozina! Ndiwe kapena ndikulota?" Anali Filomena, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kawotchi katapachikika pachifuwa. Tinakumbatirana, tinalira, tinaseka. Ndinasangalala zenizeni, musakayike. Koma anamwino anzake atatulukira, anandisiya, nakonza kachipewa kake, nati, "A Dalaivala, mawa tinyamuke m'mamawa, tili ndi sikelo kudambo." Ine ndinayankha kuti, "Chabwino, a Sisita." Mawu amenewo ndinawatafuna zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, koma sanafewe.

Zaka za Ntchembere

Galimoto imene anandipatsa inali yaitali msinkhu, yoyera, ya mtundu uja umakoka ndi matayala onse anayi. Inabwera kwa ife itagwirapo kale ntchito kwina, koma mphamvu inali nazo. Kumbuyo kunali mabenchi awiri oyang'anizana ndi chimphira chakuda choyala pansi. Amayi a kusikelo ndi amene anaitcha Ntchembere, chifukwa inkayenda mosapupuluma, ikugwedeza m'chiuno, ndipo ana obadwira m'menemo panjira anali ambiri. M'matope a makande, momwe ngolo imatitimira mpaka ng'ombe kulira, Ntchembere inkangobuula kamodzi n'kutuluka. Zosowa zinalipo zambiri. Mafuta ankatha pakati pa mwezi, matayala tinkagula otha kale, ndipo chikathyoka chitsulo sitinkadikira chatsopano; ndinkapita ku Bangula kwa a Zuze, makaniko wokalamba wochokera kutsidya ku Mozambiki, amene ankawotcherera zitsulo pansi pa mtengo. Koma odwala sitinawasiyepo panjira.

Maulendo amene ndimawakumbukira kwambiri ndi a sikelo, kumidzi ya asodzi m'mbali mwa dambo. Tikafika, ine ndinkamangirira sikelo kunthambi, kutsitsa bokosi la katemera, kufoletsa amayi pamzere, ndi kugwira miyendo ya ana pobayidwa. Mwana akalira kwambiri ndinkamutenga n'kukamukhazika pachiwongolero mpaka atatonthola. Filomena ankabaya ndi kulangiza. Ntchito yake ankaidziwa, dzanja lake linali lopepuka, zimenezo sindingamulande.

Kumidzi imeneyo kuli mwambo umene simungausinthe: munthu amene wakuthandiza sabwerera chimanjamanja, ndipo mphatso siikanidwa. Tikamaliza, amayi ankabwera ndi dengu la nsomba, milamba ndi makakana, zong'amba pakati, zothira mchere m'mawa womwewo, zikadali kudontha madzi. Wotsogolera ankakhala mayi Nyachuma, mzamba wakale, wamtali, wa mawu aakulu. Ankagwada pamaso pa Filomena, nathokoza m'chiyankhulo cha kwawo kuti, "Takhuta, a Sisita. Izi n'zanu, ana akatafune." Kenako ankatembenukira kwa ine, osagwada, nati, "A Dalaivala, tsegulani kumbuyo." Dengu lija linali ndi malo ake, pakona ya kumanzere, pamwamba pa tayala lakumbuyo, chifukwa pamenepo silinkagubuduka. Linakhala pamenepo ulendo uliwonse, chaka ndi chaka.

Fungo lake linkandilowa m'zovala mpaka m'tsitsi. Malemu bambo anu ankati, "Mayi, mumanunkha ngati mkazi wa msodzi, koma m'mbale muli nyemba. Zikutheka bwanji?" Kunena chilungamo, Filomena sanali womana. Tikafika pakhomo pake ankati, "Rozina, tapako zingapo." Ndinkatapa, inu munkadya. Koma nsomba yogawiridwa ndi nsomba yotchulidwa dzina lako sizikoma mofanana. Chimene ndinkafuna sichinali nsomba ayi. Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha munthu agwade pamaso panga, anene kuti izi n'zanu. Ndinkati ndikayang'ana pagalasi n'kumuona akuwodzera pampando, monga ankawodzerera ndikumuphunzitsa za mtima, ndinkabweza maso kumsewu msangamsanga.

Zovala zoyera ndinalibe, koma ndinali ndi galimoto yoyera. Ndinati iye akawala ndi zake, inenso ndiwale ndi yanga. Madzulo aliwonse ndinkaimika Ntchembere pamjigo wa kuseri kwa chipatala, n'kuitsuka mpaka munthu kudziona nkhope pachitseko. Mjigo umenewo mukuudziwa: madzi ake ndi amchere, samweka, sopo sachita thovu, ndipo n'chifukwa chake pankakhala popanda mzere. Ndinkakhuthulanso zidebe kunsi kwake kuti matope achoke. Alendo akabwera ankati, "Galimoto iyi ndi yakale zoona?" Tsiku limenelo ndinkagona wokhuta.

Chaka chimene galimoto yatsopano inabwera

Bambo mfumu okalamba aja anabwerera kwawo, ndipo chipatala chinayamba kuyendetsedwa ndi komiti. Filomena anakwezedwa, nakhala mkulu wa anamwino onse, wokhala nawo mu komitimo. Nthawi imeneyo iwe Tadala unali utangoyamba kukoleji, Yamikani ali Fomu 2, bambo anu tinali titawaika kale. Tsiku lina tinamva kuti anthu akufuna kwabwino atipatsa galimoto yatsopano. Ndinachapa malaya anga a ntchito, ndinawasita kawiri. Ndinayeseza m'mutu mmene ndidzaikhotetsere pageti. Sindinakayike n'komwe kuti ndi yanga, chifukwa dalaivala pachipatalapo ndinali ndekha.

Inafika ili ndi dalaivala wake. Anali a Lasitoni, amene kale ankayendetsa mabwana kuminda ya nzimbe, munthu wa magalasi akuda ndi nsapato zosongoka. Makiyi anali atawapachika palamba kuti azilira poyenda.

Ndinadikira mpaka ofesi ya Filomena itatsala ndi ife awiri, ndinatseka chitseko.

"Filomena, zaka zonsezi ndakuyendetsa, ndinakugwetsapo m'dzenje?"

"Rozina, usazitenge moipa. Ntchembere palibe wina angaithe koma iwe. A Lasitoni ataigwira sabata imodzi akhoza kuipha."

"Ndiye mphoto ya kusamala chakale ndi kufa nacho?"

"Sindinagamule ndekha. Ndi komiti."

"Koma unalipo."

Anayang'ana pansi, kenako anandiuza zimene ndinali ndisanamve. Komiti inati chipatala chathu n'chaching'ono, galimoto imodzi ikukwana. Ntchembere aisunga malinga ikuyenda. Tsiku limene idzaime, ina sidzabwera, ndipo dalaivala wachiwiri sadzafunikanso. "Ndinakumenyera nkhondo kuti ifike pamenepo," anatero. Mwina zinali zoona. Ine ndinangomva kuti moyo wa ntchito yanga aumangirira kumchira wa galimoto yokalamba.

A Lasitoni sanandichitire chipongwe chachikulu, koma pakamwa pawo panali poyabwa. "Mayi, chigayo chanucho muziimika patali, chingapatsire mwana wangayu chifuwa." Ine ndinkati, "Mwana wanuyo akadzaona makande adzalira amayi." Tinkaseka, koma ine ndinkaseka ndi mano okha. Galimoto yawo inkatseka magalasi onse n'kumazizira m'kati dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Yanga inkazizira ndikatsegula zenera, fumbi n'kulowa. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti masiku a sikelo yaikulu tinkapita galimoto zonse ziwiri, Filomena atakwera yatsopano. Mayi Nyachuma akabwera ndi dengu, a Lasitoni ankaima pachitseko chawo atatambasula manja. "Muno ayi, mipando inganunkhe. Kaikeni kwa Ntchembere." Ndiye pobwerera iwo ankatsogola, ine pambuyo ndikumwa fumbi lawo, nditanyamula nsomba za a Sisita.

Chilimwe chotsatira, kwa a Zuze

Ntchembere inayamba kupendekera kumanzere ngati munthu wosenza chidebe dzanja limodzi. Pa mabampu inkalira kuti gu, gu, kumbuyo, ndipo ndikaponda buleki inkakokera kumbali. Ndinaganiza kuti sipuling'i imodzi yathyoka, nkhani ya tsiku limodzi. Ndinapita ku Bangula.

A Zuze anaikweza ndi jeke, anayala katoni, nalowa kunsi ndi kahamala. Anagogoda kutsogolo, chitsulo chinayankha kuti nge, nge. Anagogoda kumbuyo kumanzere, kunangomveka kuti phu, ndipo anatuluka akulavula, nkhope yonse ili ndi zinyenyeswa zofiira.

"Mayi Rozina, gwadani muone."

Ndinagwada. Anandionetsa chasisi, chitsulo chachikulu chija chimanyamula thupi lonse la galimoto, pamalo pamene sipuling'i yakumbuyo imagwirira. Anatenga sikuludalaiva, naikankha ndi chala chimodzi. Inalowa ngati m'papaya lakupsa. Kunja penti inali bwinobwino, koma m'kati dzimbiri linali litadya mpaka kutsala khungu lokha. Kenako anatsegula kumbuyo, nakweza chimphira chija pakona ya kumanzere. Pansi pake panali bowo lolowa chibakera, m'mphepete mwake muli zoyera zouma. Anapaka chala, nalawa.

"Mchere uwu. Mumanyamula chiyani apa?"

"Nsomba. Mphatso za a Sisita."

"Nanga mumatsukira kuti?"

"Pamjigo wa kuchipatala."

Anakhala pansi, naseka mpaka kutsokomola. "Pamwamba mchere, pansi mchere! Mayi, galimotoyi mwaikonza ngati mlamba. Kwangotsala kuiyanika padzuwa."

Ine sindinaseke. "Wotchererani, bambo. Mwawotcherera zambiri."

"Nkhabe, sizitheka. Ndiwotcherere pa chiyani? Moto umafuna chitsulo choti ugwire. Apa pali chigumu." Anapukuta manja, ndipo nkhope yawo inasintha. "Ndimangapo kachitsulo ndi mabawuti kuti ikufikitseni kunyumba. Koma anthu musanyamule. Tsiku limene apa padzathyoke, tayala lidzalowa pansi, galimoto idzagona chammbali, ndipo sidzakufunsani ngati muli pabwalo kapena pamlatho."

Ndinabwerera ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Sindinauze munthu. Ndinadziuza kuti ndidzanena dzinja likatha, kuti mwina pofika nthawiyo anthu aja adzabweretsa galimoto ina, kuti mwina Yamikani adzakhala atalemba mayeso. Mtima wanga wakhala wotero kuyambira kale: umadikira dzina limene lachedwa panjira. Odwala ankawanyamula a Lasitoni, ine ndinkangotumidwa makatoni ndi nkhuni, choncho ndinaona ngati chinsinsi changa sichipweteka munthu.

Dzinja la chaka chimenecho

Madzi anabwera monga amabwerera kuno, Shire ndi Ruo atagwirizana. Midzi ya kudambo inamira, anthu anathawira pasukulu ina yapamtunda kufupi ndi Chiromo. M'mawa wina Filomena anandipeza pabwalo. "A Dalaivala, a Lasitoni apita ku Chikwawa kukatenga mankhwala. Tipite ndi Ntchembere kumsasa, tikasiye maneti ndi mankhwala a m'madzi." Katundu anali wopepuka, ndinavomera. Anakhala pampando wake wakale, napukuta fumbi ndi kansalu asanakhale. Ndinaona, ndinaliza injini.

Msewu wopita kumsasako, chigawo chake chomaliza, ndi wokwezedwa ngati mzere wa mbatata, wopapatiza, ndipo tsiku limenelo madzi anali mbali zonse ziwiri, akuyenda. Tinafika bwino. Koma Filomena atalowa m'makalasi momwe anthu ankagona, anapeza amayi oyembekezera angapo amene masiku awo anali atakwana, akugona pasimenti. Anatuluka ataganiza kale. "Awa sitiwasiya. Akadikirire kuchipatala. A Dalaivala, tsegulani kumbuyo."

Ndinatsegula. Manja anga anatsegula okha, chifukwa mawu amenewo anali atawamvera zaka zambiri. Anayamba kukwera, aliyense ndi womudikirira wake, ndi mitolo, mapoto, timatumba ta ufa wa mapira. Aliyense akaponda, Ntchembere inkabuula n'kutsikirako pang'ono kumanzere. Womaliza kukwera anali mdzukulu wa mayi Nyachuma, mtsikana wa mimba yoyamba, amene anali atayamba kale kugwira msana. Anamukhazika pakona ija ya dengu. Nditawerama ngati ndikuona tayala, ndinaona fumbi lofiira likuyoyoka kuchokera kunsi, likugwera pamatope ngati gaga.

Ndinakakhala pachiwongolero, kiyi ili m'manja. Ana anga, ndikufuna mudziwe kuti sindinaganize zabwino zokhazokha. Ndinaganiza kuti mwina tikhoza kufika, popeza tabwera bwino. Ndinaganiza za Yamikani ndi sukulu yake. Ndinaganiza za a Lasitoni atatsala okha pabwalo, makiyi akulira palamba, ndi za Filomena akupitiriza kulandira madengu ine ndili kunyumba ndikupalira thonje. Zimenezi zinanditentha kuposa mantha. Kenako ndinayang'ana kutsogolo, kumsewu wopapatiza uja, ndi madzi ofiira akudutsa ndi nthochi zozuka. Ndinatsika.

"Amayi, pepani. Tsikani nonse."

Filomena anatulutsa mutu pazenera. "A Dalaivala, mwati chiyani?"

"Ndati atsike. Galimoto iyi sinyamula anthu."

Filomena anatsika, nabwera pafupi, akulankhula motsitsa mawu koma mano atalumana. "Mukudziwa kuti mtsikana uyu wayamba kumva msana? Ngati ndi nkhani ya galimoto yatsopano ija, musaibweretse pano. Tikakambirana kuofesi."

Pamenepo china chake chinaduka mwa ine. Msasa wonse ukuona, ndinamugwira padzanja. "Filomena, iwe, bwera kuno." Anthu anadabwa, chifukwa anali asanamvepo munthu akutchula a Sisita dzina. Ndinapempha mtsikana uja kuti asunthe, ndinakweza chimphira, ndinalowetsa dzanja la Filomena pabowo paja mpaka linakhudza chasisi. Anabweza dzanja litadzaza zinyenyeswa, ndipo malaya ake oyera anadetsedwa pamkono.

"Ndi madzi a nsomba zako," ndinatero, "ndi madzi a mjigo wanga. Tadya tonse galimotoyi."

"Unadziwa liti?"

"Mvula isanayambe."

"Ndipo unangokhala chete?"

"Ndikananena, m'mawa mwake ndikanadzukira kuti?"

Anayang'ana dzanja lake, anayang'ana msewu uja, kenako anatembenukira kwa amayi aja nati, "Mwamva zimene anena a Dalaivala. Tsikani." Anatenga foni, naimbira a Lasitoni.

Anafika dzuwa litapendeka, akuliza hutala kuyambira patali. Amayi analulutira, ana anathamangira galimoto, wina anayala chitenje pansi kuti a Lasitoni apondepo. Ine ndinaima pambali ndi Ntchembere, ndikumva nthungululu za munthu wina. Anawatenga maulendo awiri, Filomena anapita ndi ulendo woyamba atagwira mtsikana uja. Ine ndinabwerera ndekha, wopanda katundu, njinga za kabaza zikundipitirira. Ndipo Ntchembere sinathyoke. Inafika pachipatala bwinobwino, ngati ikufuna kundichititsa manyazi. A Lasitoni anaizungulira, naimenya pabodi. "Yafikatu iyi, mayi. Kapena anali mantha chabe?" Ndinaimika pansi pa nimu, ndinakasiya kiyi patebulo la Filomena. Mtsikana uja anachira m'mawa mwake, mwana wamkazi.

Zaka zomaliza

Komiti inatumiza munthu wake kudzaona galimoto, ndipo anangogwada kamodzi n'kudzuka akupukusa mutu. Anandidzudzula chifukwa chochedwa kunena, ndipo ndinavomera. Ntchito ya udalaivala inathera pamenepo. Filomena anakakamira kuti asandichotse ndisanafike zaka zopumira, choncho anandipezera malo kochapira. Inde, ana anga: zovala zoyera zimene ndinkalota kuvala ndinamaliza ndikuzichapa ndi kuzisita. Za Filomena ndinkazizindikira ndi kolala. Ndinkazisita bwino kuposa zonse, ndipo sindikudziwa ngati chinali chikondi kapena mwano. Ngakhale chifundo chake chinkandiwawa, chifukwa iye anali ndi mphamvu yochitira munthu chifundo, ine ndinali ndi yongothokoza.

Anthu ena anapitiriza kunena kuti ndinachita mantha. Ndinkawamva ndikuyanika mashiti. Ndiye tsiku lina masana, kunja kuli phee, kopanda mphepo, tinamva chiphokoso kuseri, nkhuku zikubalalika. Filomena ndi amene anabwera kochapira kudzandiuza. Anaima pakhomo nati, "Rozina, yagwada." Tinapita limodzi. Ntchembere inali itakhala pansi mbali ya kumanzere, tayala litalowa m'mimba mwake, mulibe munthu, mulibe dengu, yathyoka ndi kulemera kwake komwe. Filomena anaiyang'ana nthawi yaitali, nagwira pakamwa. A Lasitoni anavula magalasi awo.

Tsiku londitsanzika kunali mipando pabwalo, zakumwa ndi zolankhula. Anandipatsa chitenje ndi ketulo. Tili pakati, pageti panaima njinga ya kabaza. Anatsikapo mayi Nyachuma, atakalamba, akuyendera ndodo, ndipo pambuyo pawo panatsika mdzukulu wawo uja pa njinga ina, kamwana kakuyenda kokha, iye atasenza dengu. Filomena anayamba kudzuka, akukonza malaya monga mwa masiku onse. Mayi Nyachuma anamudutsa.

"A Rozina ali kuti?"

Sindinkadziwa kuti dzina langa amalidziwa. Anafika pamene ndinakhala, anataya ndodo, nagwada pang'onopang'ono, maondo akulira.

"Takhuta, a Rozina. Tinamva kuti Ntchembere inagwada yokha. Ikanagwada ndi mwana wangayu pamadzi paja. Izi n'zanu."

Milamba ndi makakana, zong'amba pakati, zikudontha. Ndinalandira dengulo ndi manja awiri. A Lasitoni, kuti aoneke munthu, anati, "Mayi, bweretsani tiike kumbuyo, ndikakusiyeni." Ndinati, "Ayi, bambo, mipando inganunkhe." Ndinapinda chitenje chatsopano chija kukhala nkhata, ndinasenza dengu langa, madzi amchere akutsikira m'khosi, ndinayamba ulendo wa kunyumba wapansi.

Ndisanafike pa nimu ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Filomena, akupuma mwawefuwefu, nsapato zoyera zili fumbi lokhalokha.

"Iwe Rozina, zaka zonse zija ndinkakugawira. Sundipatsako?"

Ndinatula dengu pabodi ya Ntchembere, ndinasankha modekha, ndikutembenuza imodzi imodzi, iye akudikira. Ndinamupatsa kakana kamodzi, kakang'ono kuposa tonse. Anakayang'ana, anandiyang'ana, naseka mpaka kutsamira galimoto, nkhuku n'kuthawamo. Kenako analandira ndi manja awiri, napinda bondo.

Zotsalazo tinadya ife, ndipo mukukumbukira kuti sindinalole kuti ndi imodzi yomwe ipite kwa aneba.

Ndine mayi wanu,
Rozina